Pinot noir wa ku Hemel-en-Aarde: mafunso ndi mayankho

Amalawi ambiri amene ali ku Cape Town, ku Stellenbosch ndi ku Hermanus amagwira ntchito m'malesitilanti, m'mahotela ndi m'mashopu a zakumwa. Botolo la Pinot noir limadutsa m'manja mwawo tsiku ndi tsiku, koma si kawirikawiri kuti wina awakhazike pansi n'kuwafotokozera chimene chili m'botolomo, ndi chifukwa chake mtengo wake umaposa wa vinyo wina wofiira wooneka wamphamvu kuposa iyeyu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anzathu amafunsa akangoyamba ntchito, komanso amene makasitomala amawaponyera pa tebulo. Mayankho atsamira kwambiri ku chigwa cha Hemel-en-Aarde, chimene chili kuseri kwa Hermanus, poti n'kumene Pinot noir wa ku South Africa anapangira mbiri.

Kodi Pinot noir ndi dzina la kampani kapena la malo?

Ndi dzina la mtundu wa mphesa, ndipo vinyo wopangidwa kuchokera ku mphesazo amatenga dzina lomwelo. Katchulidwe kake ndi "pino nwa", t samveka. Kwawo kwa mphesazi ndi ku Burgundy, dera la kum'mawa kwa France limene eni ake amalitcha Bourgogne. Akhala akuzilima kumeneko kwa zaka mazanamazana, ndipo amonke a ku Cîteaux, nyumba imene inakhazikitsidwa mu 1098, anathandiza kwambiri kusankha minda yabwino ndi kuitchinga ndi makoma a miyala. Mu 1395 wolamulira wa Burgundy, Philippe le Hardi, analamula kuti mphesa za Gamay zizulidwe m'dera lake pofuna kuteteza mbiri ya Pinot noir. Gamay amabereka kwambiri ndipo savuta, choncho alimi ankamukonda. Pinot noir amabereka pang'ono ndipo amavuta. Kuyambira kalekale olima mphesazi akhala akusankha pakati pa kuchuluka kwa zokolola ndi ubwino wa vinyo.

Bwanji vinyoyu saoneka wakuda bii ngati Shiraz kapena Cabernet? Amathiramo madzi?

Ayi, sathiramo madzi mpang'ono pomwe. Madzi a m'kati mwa mphesa, ngakhale mphesa zakuda, amakhala oyera. Mtundu wofiira umachokera m'khungu, pamene madziwo akuwira pamodzi ndi makoko. Khungu la Pinot noir ndi lopyapyala ndipo lili ndi utoto wochepa. Mukathira vinyoyu m'galasi n'kulipendeketsa pamwamba pa nsalu yoyera ya pa tebulo, mutha kuona zala zanu kuseri kwake. Ndi Shiraz simungazione.

Khungu lomwelo ndi limene limapereka tannin, chinthu chokhala ndi khambi chimene chimaumitsa nkhama ndi lilime, monga amachitira tiyi wopanda mkaka amene masamba akhalitsamo. Pinot noir ali ndi tannin wochepa, n'chifukwa chake amatsetsereka mofewa pakhosi. Kasitomala wozolowera vinyo wokhathamira akamuona koyamba amakhumudwa, ena mpaka kubweza botolo ati ndi wosungunula. Munthu wotere musakangane naye. Mupempheni anunkhize kaye asanamwe, chifukwa mphamvu ya vinyoyu ili m'fungo ndi m'kuwawasa kwake, osati m'kuda kwa mtundu.

Nanga kuzizira kwa dera kumathandiza chiyani? Si dzuwa limene limapsetsa zipatso?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mphesa ikamapsa, zinthu zitatu zimachitika m'kati mwake. Shuga amakwera, asidi amatsika, ndipo fungo ndi kukoma zimakhwima m'khungu ndi m'njere. Shuga ndi asidi amathamanga kapena kuchedwa malinga ndi kutentha. Koma fungo limafuna masiku, silikakamizika.

Pinot noir ndi mphesa yopsa msanga. Mukaibzala kotentha, shuga amadzaza m'masabata ochepa, asidi n'kugwa, fungo lisanafike pena paliponse. Mlimi amatsala ndi njira ziwiri, zonse zoipa. Akathyola msanga kuti apulumutse asidi, vinyo amamveka wosakhwima, wa fungo la masamba. Akadikira kuti fungo libwere, shuga amakhala atapitirira, ndipo poti pafupifupi magalamu 17 a shuga pa lita amasanduka 1% ya mowa, vinyoyo amatuluka waukali, wotentha pakhosi, womveka ngati jamu, wopanda kakuwawasa kodzutsa mkamwa. Khungu lopyapyalalo limapsereranso ndi dzuwa likanyanya.

Kozizira zinthu zimayenda pang'onopang'ono. Masana dzuwa limagwira ntchito yake, usiku kuzizira kumasunga asidi, ndipo mphesa zimakhala pamtengo masabata owonjezera mpaka shuga, asidi ndi fungo zikumanire pamodzi. Vinyo wotere mowa wake umakhala pakati pa 12.5% ndi 14%, amanunkhira zipatso zofiira zongothyola kumene, ndipo amakusiyani mukufuna chakudya m'malo mokulemetsani.

Komabe tisapusitsike kuti kuzizira kulikonse n'kwabwino. Kukazizira mopitirira, mphesa sizipsa n'komwe. Pinot noir amaphukiranso msanga nyengo yachisanu ikamatha, ndiye chisanu chochedwa chikagwa chimawauma masamba anthete. Mu April 2021 alimi a ku Burgundy anachezera usiku akuyatsa makandulo akuluakulu m'mizere ya mipesa kuti chisanu chisaphe mphukira, koma ambiri anataya gawo lalikulu la zokolola. Malo oyenera mphesa iyi ndi ochepa padziko lonse, pakati penipeni pa kutentha ndi kuzizira.

South Africa ndi dziko lotentha. Kuzizirako kumachokera kuti?

Kumachokera kunyanja. Burgundy ili pa madigiri 47 kumpoto kwa equator, pamene Hemel-en-Aarde ili pa madigiri 34 kummwera, kufupi kwambiri ndi equator, moti pa mapu pokha simungaganize kuti Pinot noir angachite bwino kumeneko. Koma chigwachi chili kuseri kwa tauni ya Hermanus, makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Cape Town, ndipo chinatsegukira ku Walker Bay. Madzi a m'nyanja imeneyi ndi ozizira, ndipo m'chilimwe mphepo ya kummwera chakum'mawa imawomba kuchokera kunyanjako n'kukwera m'chigwa. Masana amene ku Paarl kapena ku Worcester anthu akusowa pothawira kutentha, ku Hemel-en-Aarde kumakhala kamphepo kayaziyazi, nthawi zina mitambo itaphimba nsonga za mapiri.

Msewu wa R320 wochoka ku Hermanus kupita ku Caledon ndiwo umadutsa m'chigwa chonse. Mukangokhota kuchoka pa msewu waukulu wa R43, mumayamba kukwera motsata mtsinje wa Onrus, minda ya mpesa ili mbali zonse, tchire la fynbos lili pamwamba pake. Minda yoyambirira ili makilomita ochepa chabe kuchokera kugombe. Hermanus yemweyu ndi amene alendo amakhamukirako kuyambira cha mu June mpaka November kukaona anamgumi, ndipo alendo omwewo ndi amene amadzaza malo olawirako vinyo m'chigwamu.

Dera lina lozizira la kufupi ndi Elgin, kwawo kwa maapozi, kumene kuzizira kumabwera chifukwa cha kukwera kwa malo ndi mitambo. Nakonso kumachokera Pinot noir wabwino, monga wa Paul Cluver.

Anayambitsa ndani kulima mphesazi kumeneko?

Tim Hamilton Russell, amene ankagwira ntchito yotsatsa malonda ku Johannesburg, anagula malo m'chigwachi mu 1975 atafunafuna dera lozizira kummwera kwenikweni kwa dziko. Vinyo wake woyamba anatuluka mu 1981, ndipo womupangira anali Peter Finlayson. Masiku amenewo KWV, bungwe la alimi a mphesa limene linkalamulira ntchito ya vinyo, ndi limene linkapereka makota, zilolezo za mlingo umene famu ingapange, ndipo famu yopanda kota sinkaloledwa kupanga vinyo wogulitsa. Makotawo anali m'madera akale, ambiri otentha, choncho aliyense wofuna kuyesa dera latsopano ankalimbana ndi lamulo. Dongosolo limeneli linathetsedwa mu 1992, ndipo kuyambira pamenepo madera ozizira a m'mphepete mwa nyanja anatseguka.

Mu 1989 Peter Finlayson anagwirizana ndi Paul Bouchard wa ku Burgundy n'kukhazikitsa Bouchard Finlayson, famu yoyandikana ndi ya Hamilton Russell, imene Pinot noir wake wotchuka ndi Galpin Peak. Anthony Hamilton Russell, mwana wa Tim, anatenga utsogoleri wa famu ya bambo ake mu 1991. Pambuyo pake kunabwera opanga vinyo ena: Newton Johnson, Creation, Ataraxia ya Kevin Grant, Storm ya Hannes Storm, ndi Crystallum ya ana a Peter Finlayson. Ambiri mwa anthu amenewa anadutsa m'manja mwa anzawo a m'chigwa momwemo: Kevin Grant ndi Hannes Storm onse anapangapo vinyo ku Hamilton Russell asanayambe zawo.

Chigwachi chili ndi mbiri ina yakale imene sitiyenera kuidumpha. Mu 1817 boma la atsamunda linatsegula kumeneko malo osungirako odwala khate, ambiri a iwo Akhoikhoi ndi akapolo. Amishoni a mpingo wa Moravian ndi amene anadzawasamalira, mpaka pakati pa zaka za m'ma 1840 pamene odwalawo anasamutsidwira ku Robben Island.

Pa mabotolo ena palembedwa "Valley", ena "Upper", ena "Ridge". Kusiyana kwake n'kotani?

Pansi pa dongosolo la Wine of Origin, lotsimikizira dera limene vinyo wachokera, limene South Africa inayamba mu 1973, chigwachi chinagawidwa m'timadera titatu. Mukamachoka kunyanja mumayamba ndi Hemel-en-Aarde Valley, kumene kuli Hamilton Russell ndi Bouchard Finlayson. Kenako Upper Hemel-en-Aarde Valley, kwa Newton Johnson. Kumtunda kwenikweni ndi Hemel-en-Aarde Ridge, kwa Creation ndi Ataraxia. Botolo likalembedwa dzina la kadera kamodzi, ndiye kuti mphesa zonse zachokera m'kadera komweko.

Kusiyana kwakukulu kuli m'dothi. Ku Valley ndi ku Ridge dothi lambiri ndi ladongo, lochokera ku mwala wa Bokkeveld shale. Dongo limasunga madzi ndipo limazizira, ndipo vinyo wake amakonda kukhala wolimba thupi, wa khambi lomveka, wofuna zaka zingapo m'botolo. Ku Upper kuli minda yambiri ya dothi lochokera ku mwala wa granite wofumbutuka, lopepuka, losasunga madzi, ndipo vinyo wake amakonda kukhala wonunkhira kwambiri ndi wofewa. Ku Ridge n'kokwera, choncho mphesa zimapsa mochedwerapo.

Wina anganene kuti izi ndi nkhambakamwa za otsatsa malonda. Ine ndimati alawe yekha. Hannes Storm amapanga Pinot noir atatu, Vrede wa ku Valley, Ignis wa ku Upper ndi Ridge wa kumtunda. Munthu mmodzi, mphesa ya mtundu umodzi, chaka chimodzi, koma mukaika magalasi atatuwo pamodzi sakhala ofanana. Mphesa zina zimamveka chimodzimodzi kulikonse kumene zabzalidwa. Pinot noir, poti alibe utoto ndi khambi zambiri zoti zibise kanthu, amaonetsa msanga kumene wachokera, ndipo n'chimene anthu omukonda amalipirira.

Bwanji ndi wodula chonchi?

Chifukwa choyamba ndi tsango lake. Mukaligwira m'manja ndi laling'ono, lodzaza chikhatho chimodzi, mphesa zake zothinana kwambiri moti mpweya sudutsa pakati. Mvula ikagwa kapena chinyezi chikachuluka kukolola kutayandikira, mphesa imodzi ikangong'ambika m'kati, nkhungu imagwira tsango lonse m'masiku ochepa. Ndiye antchito amayenda mzere ndi mzere akuchotsa masamba ena kuti mphepo idutse, koma osachotsa ambiri kuopa kuti dzuwa lingawauze. Amathyola ndi manja m'mamawa kusanatenthe, n'kuika m'timabokosi ting'onoting'ono kuti zapansi zisaphwanyike, kenako kusankhanso pa tebulo. Ku Hemel-en-Aarde ntchitoyi imachitika kuyambira kumapeto kwa January mpaka cha mu March, pamene ku Burgundy imachitika cha mu September.

Chachiwiri, mpesa ukabereka kwambiri vinyo amakhala zii, choncho alimi amadula dala matsango ena akadali aawisi. Chachitatu ndi matenda. Ku Cape kuli kachilombo ka leafroll kofalitsidwa ndi tizilombo ta mealybug, kamene kamafiiritsa masamba ndi kulepheretsa mphesa kupsa bwino, ndipo mankhwala ake ndi kuzula n'kubzalanso basi. Mafamu oyambirira anazulanso minda pa chifukwa china: mbewu ya Pinot noir imene inalipo poyamba, yotchedwa BK5, inachokera ku Switzerland ndipo sinkapereka vinyo wofiira wozama, mpaka anaisintha ndi mbewu za ku Dijon monga 113, 115, 667 ndi 777. Mpesa watsopano umatenga zaka zitatu kapena zinayi usanayambe kubereka zogwira mtima. Onjezanipo migolo ya mtengo wa oak yochokera ku France, yogulidwa ndi ma euro.

Pinot noir wotchipa kwambiri ndimamukayikira. Ndi ndalama yomweyo mungapeze Cinsaut kapena Pinotage wabwino kuposa.

Amapanga bwanji?

Mphesa zikafika, ena amazichotsa ku timitengo ta tsango, ena amaponya matsango ena athunthu m'thanki kuti vinyo akhale ndi fungo la zokometsera ndi msana wolimba. Ambiri amazisiya m'thanki yozizira masiku angapo zisanayambe kuwira. Yisiti akayamba kudya shuga, mpweya umakankhira makoko pamwamba n'kupanga chikhakha chokhuthala. Wantchito amakwera pamwamba pa thanki yotsegula ndi ndodo yokhala ndi mbale kunsonga, n'kumakankhira chikhakhacho pansi kuti chinyowe, thovu lofiirira likutuluka m'mbali, fungo la zipatso ndi mpweya woluma m'mphuno zili thoo m'chipinda monse. Apa m'pofunika dzanja lofatsa. Mukakankha mwankhanza kapena kawirikawiri mumatulutsa kuwawa kwa njere.

Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu amafinya, vinyo n'kulowa m'migolo. Mgolo wa ku Burgundy umalowa malita 228. M'menemo vinyo amakhala miyezi yoyambira 10 mpaka 18, ndipo asidi wake wakuthwa amasanduka wofewerapo. Migolo yatsopano ikachuluka, fungo la thabwa limaphimba chipatso, n'chifukwa chake opanga osamala amasakaniza yatsopano yochepa ndi yakale yambiri.

Pinotage ndi Pinot noir ndi chinthu chimodzi?

Ayi, koma ndi pachibale. Mu 1925 Abraham Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch anabzala njere zochokera pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut, mphesa imene ku Cape ankaitcha Hermitage. Mwana wake ndiye Pinotage. Iyeyu amapirira kutentha, khungu lake ndi lokhuthala, vinyo wake ndi wakuda ndi wamphamvu. Kasitomala akaitanitsa "Pinot" m'phokoso la lesitilanti, bwerezani dzina lonse musanatsegule botolo. Kulinso Pinot gris kapena Pinot grigio, amene ndi vinyo woyera.

Pa mndandanda wathu pali mabotolo a ku France osalembedwa Pinot noir, koma akuti ndi yemweyo. Zili bwanji?

Ku Burgundy amalemba dzina la malo, osati la mphesa. Vinyo wofiira wa ku Côte d'Or, mtandadza wa zitunda woyambira ku Dijon kutsikira kummwera kudutsa Beaune, pafupifupi yense ndi Pinot noir. Choncho mukaona Gevrey-Chambertin, Chambolle-Musigny, Vosne-Romanée, Nuits-Saint-Georges, Pommard kapena Volnay, amenewo ndi maina a midzi, ndipo m'botolomo muli Pinot noir.

Pali masitepe anayi. Pansi pali wolembedwa Bourgogne chabe, wochokera paliponse m'deralo. Kenako wa mudzi umodzi. Pamwamba pake premier cru, wa munda wodziwika wa m'mudzimo. Pamwamba penipeni grand cru, minda 33 yokha, ina mwa iyo ya vinyo woyera wa Chardonnay. Munda wa Romanée-Conti, umene vinyo wake ali m'gulu la odula kwambiri padziko lonse, sukwana n'komwe mahekitala awiri. Clos de Vougeot, umene amonke aja anautchinga ndi khoma, ndi wa mahekitala pafupifupi 50 ndipo lero uli ndi eni ake ambirimbiri, aliyense ndi mizere yake. Mu 2015 UNESCO inaika minda ya ku Burgundy, zigawo 1,247 zokhala ndi maina ndi malire akeake, pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse.

Kwina kumene amalima ndi kuti?

Ku Germany amamutcha Spätburgunder, ndipo amalimidwa kwambiri ku Baden, ku Pfalz ndi ku Ahr. Ku America kuli Willamette Valley m'chigawo cha Oregon, kumene David Lett anabzala pakati pa zaka za m'ma 1960, komanso madera a chifunga a m'mphepete mwa nyanja ku California. Ku New Zealand kuli Central Otago ndi Martinborough, ku Australia kuli Tasmania ndi Mornington Peninsula. Ku Champagne, dera la ku France lotchuka ndi vinyo wathovu, Pinot noir ndi imodzi mwa mphesa zitatu zikuluzikulu, kungoti amafinya msanga n'kutaya makoko, vinyo n'kutuluka woyera. Ambiri opanga Cap Classique, vinyo wathovu wa ku South Africa, komanso opanga vinyo wathovu wa kummwera kwa England amachitanso chimodzimodzi.

Kasitomala akandifunsa kuti amakoma bwanji, ndinene chiyani?

Mabuku amati cherry ndi raspberry, zipatso zimene ambiri a ife sitinakule nazo, ndipo kuloweza mawu a fungo limene simunalimvepo n'kudzinamiza. Pitani ku shopu nthawi yake ikakwana, mugule pang'ono, mununkhize, mulawe. Koma musataye zimene mphuno yanu ikudziwa kale. Pinot noir wachichepere amakumbutsa sitiroberi za pa phiri la Zomba, mabulosi osapsetsa, ndi kuwawasa kwa chidede. Akakhala zaka zingapo m'botolo mumayamba kumva bowa, masamba ofota ndi dothi limene mvula yoyamba yangogwapo. Zonsezi Mmalawi amazidziwa bwino kuposa makasitomala ambiri amene akuwatumikira.

Pa tebulo musachulutse mawu. Nenani kuti ndi wofiira wopepuka, wonunkhira zipatso zofiira, wowawasa pang'ono, wosauma mkamwa, n'kutchula kumene wachokera. Ndipo funsani kaye chimene munthuyo amamwa masiku onse. Wokonda Shiraz wolemera amene waitanitsa nyama yootcha yamafuta musamukakamize Pinot noir chifukwa choti ndi wodula. Adzakhumudwa, ndipo sadzakukhulupiriraninso.

Amwedwe wozizira kapena ayi? Nanga amayenda ndi chakudya chanji?

Wozizira pang'ono, madigiri 14 mpaka 16. Lamulo loti vinyo wofiira salowa m'firiji linachokera ku nyumba zozizira za ku Ulaya. M'chilimwe cha ku Cape Town, kapena mu October ku Lilongwe, botolo losiyidwa pa shelefu limafika madigiri 25 kapena kuposa, ndipo vinyo wotere amangomveka mowa wokhawokha. Muikeni m'firiji mphindi 20 kapena 30 musanatsegule. Galasi likhale lamimba yaikulu ndi kukamwa kopanikiza, ndipo muthire osafika theka kuti fungo lipeze malo.

Amagwirizana ndi bakha, nkhuku, nkhumba, bowa, ndi nsomba zamafuta monga tuna ndi salmon. Pa zakudya zakwathu, nkhuku yachikuda yophika ndi tomato ndi anyezi, bowa wotendera, nkhunda kapena chambo chootcha pamakala zimamuyenera. Nsima payokha ilibe vuto, nkhani ili pa ndiwo. Tsabola wa kambuzi akachuluka, fungo lonse limene mwalipirira limasowa.

Kodi mphesazi zingalimidwe ku Malawi, monga ku Dedza kapena ku Nyika kumene kumazizira?

Mpesa umamera ku Malawi, ndipo ena ali nawo pakhomo. Koma Pinot noir wopangira vinyo wabwino ndi nkhani ina. Ku Cape mvula imagwa nthawi yozizira, chilimwe n'kukhala chouma, ndiye mphesa zimapsa popanda mvula yambiri. Kwathu mvula imagwa kuyambira November mpaka April, nthawi yotentha, imene mpesa umafuna kukula ndi kubereka. Tsango lothinana la khungu lopyapyala silingapirire chinyezi chotere. Mpesa umafunanso nyengo yozizira yokwanira kuti uyoyole masamba n'kugona, ndipo kufupi ndi equator sugona mokwanira. Ku Dodoma, ku Tanzania, amalima mphesa za vinyo ndipo amakolola kawiri pachaka, koma n'kouma ndipo mitundu yake ndi yopirira kutentha. Vinyo amene Malawi amadziwika naye, monga wa Linga ku Lilongwe, ndi wa zipatso zina, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Ndinamva kuti vinyo wofiira ndi wabwino ku mtima. N'zoona?

Musayambe kumwa chifukwa cha mawu amenewo. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thanzi, ndipo mowa uli m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Kufewa kwa Pinot noir kumanyenga. Botolo la mamililita 750 la 13.5% lili ndi magalamu pafupifupi 80 a mowa weniweni, ndipo ndi magalasi asanu okha. Mayi woyembekezera asamwe n'dontho lomwe, woyendetsa galimoto chimodzimodzi, ndipo wosakwana zaka 18 sagulitsidwa, ku South Africa ngakhale ku Malawi. Amene chipembedzo chawo sichilola kumwa koma ntchito yawo ndi yoperekera vinyo angathe kuphunzira zambiri ndi mphuno yokha. Olawa vinyo pantchito nawonso amalavula, sameza.

Nanga anthu ogwira ntchito m'minda amapindula nawo?

Funso ili limafunika kufunsidwa mokweza. Mbiri ya vinyo ku Cape inamangidwa pa ukapolo, kenako pa mchitidwe wa dop, wolipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo. Lamulo linauletsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma unapitirira m'mafamu ena mpaka zaka za m'ma 1990, ndipo zipsera zake zikuonekabe m'kuchuluka kwa ana obadwa ovulazidwa ndi mowa m'madera a mafamu. Mu 2012 antchito a m'mafamu ananyanyala ntchito kuyambira ku De Doorns, ndipo chaka chotsatira malipiro otsikitsitsa a patsiku anakwera kuchoka pa R69 kufika pa R105. Kuyambira 2021 malipiro otsikitsitsa a m'mafamu anafanana ndi a antchito ena onse. Komabe ambiri othyola mphesa ndi aganyu a nyengo yokolola yokha, ena obwera kuchokera ku Eastern Cape, ku Lesotho, ku Zimbabwe ndi ku Malawi, ndipo wopanda mapepala ndi amene amaponderezedwa mosavuta. Zizindikiro za WIETA kapena Fairtrade pa botolo zimasonyeza kuti famuyo inayenderedwa pa nkhani ya kasamalidwe ka antchito. Sizithetsa zonse, koma ndi poyambira.

Kusintha kulipo ngakhale kukuchedwa. Berene Sauls anayamba ntchito ku Hamilton Russell mu 2001 ngati wolera ana, n'kudutsa m'magawo osiyanasiyana a pa famupo, ndipo mu 2015 anayamba kupanga Pinot noir wakewake wa ku Hemel-en-Aarde Ridge. Anamutcha Tesselaarsdal, dzina la mudzi wa kwawo kuseri kwa mapiri omwewo. Ngati ali pa mndandanda wa pa ntchito panu, nkhani yake ndi yoyenera kuuza makasitomala.

Ndikufuna kuphunzira zambiri kuti ndikwere pa ntchito. Ndiyambire pati?

Cape Wine Academy ndi maphunziro a WSET, bungwe la ku Britain lophunzitsa za vinyo, ali ndi makalasi oyambira amene safuna kuti mukhale ndi digiri, ndipo bungwe la South African Sommeliers Association limayesa mayeso a operekera vinyo. Mabwana ena amalipirira antchito awo, choncho funsani. Mu 2017 anyamata anayi a ku Zimbabwe ogwira ntchito m'malesitilanti a ku Cape, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, anakaimira dziko lawo pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo, umene unachitikira ku Burgundy komweko. Onsewa anafika ku South Africa ngati osaka ntchito wamba. Ogulitsa vinyo akabwera kudzalawitsa pa ntchito panu musathawire kukhitchini. Khalani kutsogolo ndi kabuku, mulembe dzina, chaka, dera ndi zimene mphuno yanu yamva m'mawu anuanu, ngakhale m'Chichewa.

Botolo lingasungidwe nthawi yaitali bwanji?

Pinot noir wamba mumwereni m'zaka zitatu kapena zinayi. Wa mafamu abwino a ku Hemel-en-Aarde amatha zaka 10 kapena kuposerapo, malinga akhale chogona, pamdima, pamalo ozizira osasinthasintha. Pamwamba pa firiji kapena pafupi ndi chitofu ndi malo oipitsitsa. Lotsegula litsekeni, liikeni m'firiji, limalizike m'masiku awiri kapena atatu. Mukatsegula n'kumva fungo la katoni yonyowa m'malo mwa zipatso, ndiye kuti chitsekerero chawononga vinyoyo. Vuto si la kasitomala ndipo si lanu. Chotsani galasilo, bweretsani lina loyera ndi botolo lina, ndipo lowonongekalo mulisungire amene anakugulitsani, chifukwa ambiri amabweza.